Mtsinje ukaphwa, mabeseni amatuluka: golide ndi madzi osefukira kumwera kwa Ntcheu

Mvula ikagwa masiku atatu osakata kumapiri a Kirk Range, mlimi wa m'mbali mwa mtsinje wa Lisungwi amagona khutu lili kunja. Amadziwa kuti kukacha akhoza kupeza dimba litapita, mizere itafafanizika, mwinanso mlatho wamitengo umene ana amaolokera popita kusukulu utakokoloka. M'mudzi womwewo muli wina amene mkokomo wa madziwo amaumva mwamtundu wina. Iye akuwerenga masiku oti madzi atsike, anyamule beseni, fosholo ndi piki, akaone chimene mtsinje wasiya. Kawirikawiri anthu awiriwa ndi munthu mmodzi.

Kumwera kwa boma la Ntcheu, kumene malire ake amakumana ndi a Neno ndi Balaka, kusefa golide si ntchito ya makampani a zimakina zazikulu. Ndi ntchito ya alimi omwewo, amayi ndi anyamata, amene m'mawa amagwira khasu ndipo masana amatsikira kumtsinje. Ambiri sadzitcha okumba migodi. Amangoti akukayesa mwayi, monga momwe wina angapitire kukagwira ganyu kapena kukaimika thumba la makala m'mbali mwa msewu wa M1 cha ku Senzani.

Kumayiko ena ntchito yomweyi ndi yongosangalatsa mtima. Ku New Zealand boma lidapatula mitsinje ina kuti aliyense akasefeko golide ndi zida zamanja popanda chiphaso. Ku Tankavaara m'dziko la Finland ndi ku Pilgrim's Rest ku South Africa kumachitika mipikisano ya kusefa, opambana n'kulandira zikho. Mvula yamphamvu itagwa ku California kumayambiriro kwa 2023, okonda ntchitoyi adakhamukira kumitsinje, nyuzipepala zakumeneko n'kumalemba kuti madzi avundukula golide amene adabisala zaka zambiri. Anthu oterewa akabwerako chimanjamanja amangoseka, chakudya chikuwadikira kunyumba. Akaona kuti mtsinje ukadali wolusa amabwerera, adzabweranso mwezi wamawa.

Wa ku Ntcheu sangathe kudikira chomwecho, ndipo vuto lonse lagona pamenepa. Miyezi imene mitsinje imasefukira, Januwale mpaka Malichi, ndi yomweyo imene nkhokwe zimakhala zitapepuka, chimanga chakwera mtengo pamsika, ana akufunika fizi ya teremu yachiwiri. Njala imamukankhira munthu kumtsinje pa nthawi imene mtsinjewo ndi woopsa kuposa nthawi ina iliyonse pachaka.

Golide wa kuno si nkhani ya dzulo

Chigwa cha Lisungwi ndi mapiri a Kirk Range ndi amodzi mwa malo oyamba m'dziko muno kudziwika kuti ali ndi golide. Azungu adafufuza ndi kukumba pang'ono m'derali m'zaka za m'ma 1930, koma zomwe adapeza sizidakwane kuti patsegulidwe mgodi waukulu. Golideyo ali m'timizere ta mwala woyera timene tidalowerera m'matanthwe akalekale a mapiriwa. Dzuwa, mvula ndi mizu ya mitengo zimaphwanya matanthwewo pang'onopang'ono, timibulu ta golide n'kumasuka, ndipo madzi amatitsitsira m'makwawa mpaka kumtsinje. Ntchito imeneyi yatenga zaka zikwizikwi.

Anthu a ku Ntcheu nkhani ya chuma cha pansi pa nthaka amaidziwa kale. Paphiri la Chimwadzulu padapezeka miyala yamtengo wapatali ya ruby ndi sapphire mu 1958, ndipo ina idagulitsidwa kumisika ya kunja ndi dzina loti Nyala. Madandaulo a anthu ozungulira phirilo oti chumacho chikungowadutsa adamveka kwa zaka zambiri, ndipo mu 2017 boma silidawonjezere chiphaso cha kampani ya Nyala Mines. Choncho munthu wa kuno akamva kuti mumtsinje wakwawo muli golide, sadikira kuti wina achoke kutali adzamuuze chochita. Amafuna atapeko yekha ena asanabwere.

Zimene madzi amachita

Golide ndi wolemera modabwitsa. Mukadzaza chikho chimodzi ndi madzi, china chofanana nacho n'kudzaza golide, cha golide chimalemera kuposa cha madzi ka 19. Poyerekeza ndi mwala woyera umene umapanga mchenga wa mumtsinje, golide amalemera pafupifupi ka 7. Luso lonse la wosefa latsamira pa kulemera kumeneku. Mayi wodziwa kupeta mphale m'lichero salivutikira: amagwedeza beseni kuti cholemera chitsike pansi, n'kumalipendeka m'madzi kuti chopepuka chizichoka, mpaka kutsale mchenga wakuda ndi tinthu tachikasu tingapo pakona.

Mtsinje wodzaza umachita chimodzimodzi, koma pa mtunda wautali. M'chilimwe madzi a Lisungwi ndi ochepa, sangasunthe golide ngakhale pang'ono. Akadzaza, miyala yapansi imagubuduzika, nsangalabwi ndi mchenga zimatakasika zonse. Akatswiri a za madzi ali ndi lamulo lakale loti liwiro la madzi likawirikiza kawiri, mwala umene madziwo angaukankhe ukhoza kulemera kuwirikiza mpaka ka 64. Pa masiku ochepa amenewa ndi pamene golide amayenda. Ndipo chifukwa cha kulemera kwake, ndiye woyamba kukhala pansi paliponse pamene madzi achepetsa liwiro: mkati mwa pokhota, kuseri kwa chimwala chachikulu, pamene mtsinje watambasuka utatuluka pampanipani, ndi m'ming'alu ya thanthwe lapansi.

Tsono chikhulupiriro choti madzi osefukira amabweretsa golide chili ndi zoona zake. Malo amene adasefedwa chaka chatha mpaka kutheratu akhoza kupezekanso ndi tifumbi tatsopano. Gombe likagumuka, nsangalabwi zakale zimene zidakwiririka pansi pa dothi zimaonekera poyera. Pamwamba pa milu yatsopano ya mchenga ndi m'mizu ya udzu mumakodwa golide wosalala ngati ufa, ndipo woyamba kufika ndiye amamutola.

Koma zoonazo zimathera pomwepo. Chigumula chimodzi sichikumba golide wambiri watsopano kuphiri. Chimangosamutsa amene adali kale m'chigwa. Golide wa pamwambayo ndi wochepa, satha sabata asanathe, pamene wamibulu yokulirapo amalowa pansi kwambiri. Ndiponso mtsinje wochokera kumapiri opanda mitengo subwera ndi golide yekha. Umabwera ndi matope ndi mchenga wa m'minda ya anthu, n'kukwirira malo abwino aja pansi pa dothi lofika m'khosi. Maenje amene anthu adakumba chilimwe chonse amafotseredwa usiku umodzi. Milu ya dothi imene adaunjika kuti adzasefe mawa imapita. Ndipo pofika m'mawa magombe amanyezimira ndi timapepala ta mwala wonyengeza timene timakopa achilendo pantchitoyi. Wodziwa amangotiyang'ana: timayandama m'beseni, ndipo tikatsinidwa timanyenyeka, pamene golide weniweni amakhala pansi osasuntha ndipo ukamumenya amaphwatalala osasweka.

Ukaziika pasikelo zonsezi, dzinja limalanda wosefa zambiri kuposa zomwe limamupatsa. Phindu lenileni la chigumula limaoneka mu Meyi ndi Juni, madzi atayera ndi kutsika, pamene munthu angaone bwino momwe mtsinje wadzikonzera ndi kusankha pokumba.

Imfa imachokera kumtunda ndi m'mbali

Ntcheu ndi boma la zitunda ndi zigwa. Ku Tsangano, kumene kumachokera mbatata ya kachewere ndi kabichi zodzaza misika ya Blantyre, kumagwa mvula yambiri kuposa kuzigwa zotentha za kumwera ndi kum'mawa. Zotsatira zake n'zakuti mtsinje ungadzaze kumunsi dzuwa likuswa mtengo. Wosefa waweramira m'beseni, msana walozetsa kumtunda, ndipo ngati pali injini yopopa madzi m'dzenje, phokoso lake limatseka makutu. Zizindikiro zilipo: madzi amasintha mtundu mwadzidzidzi, pamayamba kuyandama zinyalala, mapesi ndi thovu, kumtunda kumamveka mkokomo. Koma nthawi yapakati pa chizindikiro ndi madzi enieniwo ndi yaifupi, ndipo munthu amene ali m'dzenje lakuya sakuona chilichonse mwa izi.

Choopsa chachiwiri chimabwera madzi atatsika kale, pamene aliyense akuganiza kuti zatha. Pa nthawi ya chigumula, gombe limamwa madzi mpaka kukhuta, koma madzi a mumtsinje amakhala akulichirikiza. Mtsinje ukatsika msanga, chochirikiza chija chimachoka pamene dothi likadali lolemera ndi lofewa. Masiku amenewa ndi amene magombe amagumuka kwambiri, ndiponso ndi amene osefa amathamangira kukafukula pansi pa gombe kutsata nsangalabwi zoonekera kumene zija. Dothi lonyowa la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu limalemera pafupifupi matani awiri. Munthu wokwiriridwa ngakhale kulekeza m'chifuwa amalephera kupuma anzake asanamufukule.

Anzathu a ku Zimbabwe adaziona zimenezi mowawa. Mu Febuluwale 2019, ku Battlefields pafupi ndi Kadoma, mvula yamphamvu idatsanulira madzi m'migodi ya golide usiku anthu ali pansi. Anthu oposa 20 adafa, ndipo opulumutsidwa amoyo adali 8. Imeneyo idali migodi yakuya, yosiyana ndi maenje a m'mbali mwa Lisungwi, komabe chidawapha ndi chomwechi: kulowa pansi m'nyengo ya mvula popanda wina woyang'ana kumwamba.

Wina anganene kuti Ntcheu si Nsanje kapena Chikwawa, kuno madzi sasefukira kwenikweni. Mbiri ikutsutsa. Mu 2003 mtsinje wa Rivirivi, umene umachokera m'mapiri a boma lino, udakokolola mlatho wa njanji ku Balaka, sitima n'kuleka kufika ku Salima ndi Lilongwe kwa nthawi yaitali. Mu Januwale 2015 Ntcheu idali m'gulu la maboma 15 amene adalengezedwa kuti agwa m'ngozi ya madzi. Mu Malichi 2019 idakhudzidwanso ndi mvula ya chimphepo chimene chidasanduka namondwe Idai. Kenaka kudabwera namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, amene adasiya anthu oposa 1,000 atafa kapena kusowa, makamaka m'chigawo cha kumwera. Kusiyana kwake n'kwakuti kuchigwa cha Shire madzi amakwera n'kukhalitsa, pamene kuno amabwera mwaliwiro, n'kuononga, n'kudutsa. Kwa munthu amene waima pakati pa mtsinje, mtundu wachiwiriwu ndiwo woopsa.

Mitengo nayo yatha. Aliyense woyenda pa M1 kuchokera ku Manjawira kukafika ku Zalewa amaona matumba a makala ali ndandanda. Phiri lopanda mitengo silisunga madzi, limangowataya onse nthawi imodzi. Damu la Mpira, limene limamwetsa anthu a ku Ntcheu ndi Balaka, lidauma mu 2018, ndipo kudulidwa kwa mitengo m'nkhalango ya Mvai kudali pakati pa zifukwa zimene zidatchulidwa. Kuuma kwa damu ndi kulusa kwa mtsinje ndi matenda amodzi.

Zopita kumunsi

Pano tisabise mawu: osefa nawonso amawonjezera vutoli. Gombe lokumbidwa maenje, lodulidwa bango ndi mitengo ya mkuyu, silingalimbane ndi madzi. Chigumula chikafika chimalowa m'maenjewo, n'kudya dothi cham'kati, mtsinje n'kudzitsegulira njira m'munda mwa munthu amene mwina sadagwirepo beseni chibadwire. Madzi saiwala khwawa, ndipo khwawa lokumba ndi manja amalikumbukiranso. Milandu ya malire a madimba imene mafumu amaweruza dzinja likatha, ina imayambira pamenepa.

Matopewo sathera ku Ntcheu. Rivirivi amathira mu Shire kumtunda kwa Nkula, pamene Lisungwi amathira kumunsi kwa Tedzani, madzi ake n'kulunjika ku Kapichira. Kampani yopanga magetsi ya EGENCO imaononga ndalama zambiri kuchotsa matope ndi zinyalala m'madamu ake a m'malo amenewa. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu 2022, dziko lidataya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Kunena kuti osefa golide ndiwo amathimitsa magetsi kungakhale kuwanamizira, poti gwero lalikulu la matope ndi minda ya m'malo otsetsereka ndi kutha kwa nkhalango. Komabe dzenje lililonse la pagombe limathirako gawo lake.

Palinso nkhani ya mercury, madzi achitsulo amene okumba ambiri m'chigawo chino cha Africa amagwiritsa ntchito kugwira golide wosalala. Wosefa mchenga wa mumtsinje amene ali ndi dzanja labwino safunikira mankhwalawa. Koma paliponse pamene afika, zotsalira zake zimaunjikidwa pafupi ndi madzi, ndipo chigumula chimazimwaza m'madimba ndi m'maiwe. M'matope amasanduka poizoni wolowa m'nsomba, amene amaononga ubongo, makamaka wa mwana amene ali m'mimba. Dziko lapansi lidaphunzira izi ku Minamata m'dziko la Japan m'zaka za m'ma 1950, ndipo pangano la mayiko lochepetsa mercury la 2013, limene Malawi idasaina, lidatenga dzina la mzinda umenewo. Kamodzi akalowa mumtsinje, palibe wakuti angamusefenso.

Boma likugula, koma kumtsinje kulibe

N'chifukwa chiyani anthu akuchulukirachulukira kumitsinje? Yankho lili pasikelo. Mu Ogasiti 2020 mtengo wa golide pamsika wa dziko lonse udadutsa madola 2,000 pa aunsi imodzi, imene ndi magalamu 31 ndi pang'ono. Mu Malichi 2025 udadutsa 3,000, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho udadutsa 4,000. Kunoko kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Feteleza adakwera, sopo adakwera, mchere udakwera. Golide ndi katundu wa m'mudzi amene mtengo wake umathamanga limodzi ndi dola. Ngakhale venda atabera pasikelo, kachidutswa ka galamu kamaposa ganyu wa masiku angapo.

Malamulo amati chuma chonse cha pansi pa nthaka ndi cha dziko, ndipo wokumba aliyense akhale ndi chiphaso. Lamulo la migodi la 1981 lidalowedwa m'malo ndi la 2019, kenaka la 2023 limene lidakhazikitsa bungwe la Mining and Minerals Regulatory Authority. Kuyambira 2021, banki yaikulu ya Reserve idayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono kudzera ku Export Development Fund, pofuna kuti asamangotulukira njira zachidule kupita kunja. Ganizolo n'labwino. Koma likutanthauza kuti boma lavomereza kuti golide wa m'beseni ndi chuma cha dziko. Ngati ndi choncho, moyo wa wogwira beseniyo ulinso m'manja mwa boma. Sizikukwana kudikira golide patebulo la wogula osafunsa kuti wachoka m'dzenje lotani, mwezi wanji.

Njira imodzi ndi yoletseratu. Dziko la Zimbabwe lidaletsa kukumba golide m'mitsinje mu 2024, ndipo Mozambique idaimitsa migodi m'chigawo cha Manica mu 2025 mitsinje itaipa. Kumeneko vuto lalikulu lidali la zimakina zofukula mtsinje wonse, ndipo kuletsa zimenezo n'koyenera. Kunonso zimakina zotere zisaloledwe kuyandikira Lisungwi. Koma kuthamangitsa mlimi wa beseni takuona kale zotsatira zake. Asilikali adachotsa anthu okumba m'nkhalango ya Namizimu kwa Makanjira ku Mangochi mu 2018, koma nkhani ya golide kumeneko sidathe. Wothamangitsidwa masana amabwerera usiku, ndipo usiku ndi pamene madzi ochokera kumtunda saoneka.

Chitsanzo chabwino chili kunyanja. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, mfumu ndi anthu ake akhala akutseka usodzi miyezi ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, n'kutsegulanso dzinja likatha. Asodzi amamvera chifukwa lamulolo n'lawo, olikhazikitsa amawadziwa, ndipo phindu lake amaliona m'maukonde. Ntcheu ndi dziko la mafumu amene mawu awo akadali ndi mphamvu, kuyambira kwa Inkosi ya Makhosi Gomani V kutsikira kwa a Phambala ndi anyakwawa a m'mbali mwa mitsinje. Palibe chingawaletse kugwirizana ndi osefa kuti maenje akuya ndi kufukula pansi pa gombe zizitsekedwa kuyambira Disembala mpaka Epulo, kuti aliyense akwirire dzenje lake mvula isanayambe, ndi kuti mtunda wina wake kuchokera pamadzi usakhudzidwe ndi piki.

Lamulo lotere lingagwe ngati lisiya anthu ndi njala. N'chifukwa chake kusefa kwapamwamba, pamilu ya mchenga ya poyera, madzi atatsika ndi kuyera, kungasiyidwe kotsegula, bola pakhale munthu mmodzi pamalo okwera woyang'ana kumtunda ndi wenzulo m'manja. Mafoni ali m'mudzi uliwonse. Munthu wa ku Tsangano akhoza kuimbira mnzake wa kumunsi kuti kuno yagwa yoopsa, tulukani. Nthambi yoona zanyengo imalengeza kale machenjezo pawailesi, ndipo makomiti a za ngozi zogwa mwadzidzidzi alipo m'midzi pansi pa nthambi ya boma ya DoDMA. Chosowa n'chakuti osefa golide awerengedwe m'gulu la anthu oyenera kuchenjezedwa, monga asodzi amachenjezedwera za mwera. Ntchito zachitukuko zolipira anthu a m'midzi, zobzala mitengo ndi nsungwi m'magombe, zikanalunjikitsidwa m'miyezi yotsekayo ndi kwa anthu omwewo.

Ana ndiye asayandikireko n'komwe. Mwana wa sitandade 5 amene wajomba kusukulu kukathandiza mayi ake kutunga mchenga ndiye woyamba kutengedwa, chifukwa madzi ofika m'mawondo mwa wamkulu amakhala ali m'chiuno mwake.

Zonsezi sizifuna ngongole ya kunja kapena msonkhano wa kuhotela ya kunyanja. Zifuna kuti khonsolo ya Ntcheu, akuluakulu a za migodi, mafumu ndi osefa eni ake akhale pansi pa mtengo umodzi mu Okutobala, mitambo isanayambe kusonkhana. Ndipo inu owerenga, ngati muli ndi m'bale amene amatsikira ku Lisungwi ndi beseni, muuzeni kuti mvula ikagwa kumtunda atuluke mumtsinje, ndipo pansi pa gombe lonyowa asalowepo mpaka dzinja lithe.